Namsongole: udzu wokula ndi moto, wofa ndi mthunzi

Mlimi aliyense amene analimapo m'mphepete mwa dambo amaudziwa ululu wa namsongole. Munthu amangoyenda wopanda nsapato m'munda wopalira bwino, mwadzidzidzi kanthu kakuthwa ngati singano n'kumulasa kuphazi. Akawerama amapeza kansonga kakang'ono kakusuzumira m'dothi. Akakumba ndi khasu amaona kuti kansongako kali kumapeto kwa muzu woyera, wa mfundomfundo, wochokera kutali, ndipo pansi ponsepo mizu yotere yalukanalukana ngati ukonde. Pakatha sabata ziwiri chipalirireni, munda uja umabiriwiranso, koma chobiriwiracho si mbewu ayi.

Dzina la udzuwu amalidziwa ngakhale anthu amene sanagwirepo khasu, chifukwa omasulira Baibulo m'Chinyanja analigwiritsa ntchito potchula udzu woipa wa m'fanizo la pa Mateyu 13. Udzu wa m'fanizolo ndi wa mtundu wina, womera m'minda ya tirigu, koma dzinalo linagwera pamalo pake, pakuti mlimi akalimva amadziwiratu kuti akunena mdani weniweni wa mbewu.

Akatswiri a zomera amautcha udzuwu Imperata cylindrica. Ku Indonesia amati alang-alang, ku Philippines amati cogon, ku Papua New Guinea amati kunai, pamene ku Nigeria ndi ku Ghana ali ndi dzina lachingerezi lotanthauza udzu wa mkondo. M'chaka cha 1977, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi LeRoy Holm linasindikiza buku lofotokoza za udzu woipitsitsa pa dziko lonse, ndipo namsongole anali wachisanu ndi chiwiri pa mndandandawo, atapezeka akuvutitsa mbewu za mitundu 35 m'mayiko 73. M'chaka cha 2000, bungwe loona zachilengedwe la IUCN linamuikanso m'gulu la zamoyo 100 zolanda malo koposa zina zonse.

Kum'mwera kwa Africa namsongole si mlendo. Ndi udzu wachilengedwe wa m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje, ndipo kumeneko uli ndi ntchito yake yogwira nthaka kuti isakokoloke. M'mayiko ambiri anthu amafolera nyumba ndi masamba ake. Umasanduka mliri pokhapokha munthu akautsegulira njira podula mitengo, potentha tchire, poduladula mizu yake, kapena pounyamula kupita nawo kumalo kumene kunalibe.

Mphamvu yake ili pansi

Namsongole ndi udzu wosafa chaka chikatha. Masamba ake amachokera pansi penipeni, amaima chilili, ndipo amatha kutalika kupitirira mita imodzi. Kumuzindikira n'kosavuta. Mtsempha woyererako wa pa tsamba lake sukhala pakatikati, umapendekera mbali imodzi, ndipo m'mphepete mwa tsambalo muli timano ting'onoting'ono tocheka chala. Ngala zake ndi zoyera, zofewa ngati thonje.

Komatu chimene maso amaona ndi gawo lochepa chabe. Magawo 60 pa 100 alionse a kulemera kwa chomerachi, nthawi zina kuposerapo, ali pansi pa nthaka. Alimi amangoti mizu, ngakhale kuti kwenikweni ndi matsinde oyanga pansi, okhala ndi diso lotha kuphuka pa mfundo iliyonse monga zimakhalira ndi nzimbe. Yambiri mwa mizuyi imakhala m'masentimita 20 a dothi lapamwamba, momwenso chimanga ndi chinangwa zimafunafuna madzi ndi chakudya, ndipo m'dothi lamchenga imalowa pansi kuposa pamenepo. Mizu imeneyi ndiyo nkhokwe ya namsongole. Masamba akadulidwa kapena akapsa, nkhokwe imatseguka ndipo mphukira zatsopano zimatuluka.

N'chifukwa chake khasu lopalira pamwamba m'nyengo ya dzinja limangochulukitsa vuto. Muzu umodzi ukaduka zidutswa zisanu m'dothi lachinyezi, chidutswa chilichonse chokhala ndi diso chingathe kukhala chomera pachokha. Nsonga za mizuyi zimaboolanso chinangwa, mbatata ndi zilazi zili pansi, ndipo pabala pamalowa zoola. Kumadzulo kwa Africa, akafukufuku anapeza kuti munda wa chinangwa wodzaza ndi namsongole umatha kutaya zokolola zoposa theka.

Udzuwu umafalikiranso ndi njere. Chomera chimodzi chimatha kubala njere zofika 3,000, zopepuka ndi zaubweya, zimene mphepo imaziulutsa. Mwayi wake ndi wakuti njerezi sizikhalitsa ndi moyo, ndipo zimamera bwino pa nthaka yoyera yopanda chophimba basi. Apa ndi pamene pali kufooka kwa namsongole: sapirira mthunzi. Akasowa dzuwa kwa miyezi ingapo amadya za m'nkhokwe yake osabwezeramo kanthu, mpaka mizu imafota.

Moto ndi bwenzi lake

M'madera ambiri a Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi m'chigawo cha Tete ku Mozambique, miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala ndi nyengo ya utsi. Ena amatentha tchire posaka mbewa, ena pososa m'munda, ena pofuna msipu wa ng'ombe. Mlimi wotopa ndi namsongole naye amaona ngati machesi ndiwo njira yachidule, pakuti m'kanthawi kochepa munda wonse umayera.

Zimene zimachitika pansi ndi zosiyana. Masamba ouma a namsongole amayaka ndi moto waukali umene umapha timitengo tating'ono, zophukira za pa zitsa ndi udzu wina wofooka. Koma dothi limatchinjiriza mizu yake. Pakangopita masiku ochepa, choyamba kuphuka pa lupsa ndi namsongole, ndipo amaphuka popanda wopikisana naye, dzuwa lonse lili lake. Moto umamuchititsanso kutulutsa ngala msanga, kotero kuti njere zake zimagwera pa nthaka yoyera imene motowo wamukonzera. Ng'ombe zimadya mphukira zanthete kwa sabata zochepa chabe. Masamba akakhwima amauma gwa, amacheka pakamwa, ndipo mulibe chakudya chokwanira. Woweta amatenthanso chaka chotsatira kuti apeze msipu wina, ndipo chaka chilichonse udzu wabwino umachepa pamene namsongole akunka nakula.

Kumene zimenezi zimathera kukuoneka bwino kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Kumeneko nkhalango zikuluzikulu zinadulidwa pofuna matabwa ndi minda, nthaka ikatha chonde anthu n'kuisiya, moto n'kumadutsamo chaka ndi chaka. M'zaka za m'ma 1990, akatswiri otsogozedwa ndi Dennis Garrity wa bungwe lofufuza za ulimi wophatikiza mitengo ndi mbewu la ICRAF anawerengera kuti namsongole anali atatenga mahekitala pafupifupi 35 miliyoni m'mayiko otentha a ku Asia. Malo amenewa ndi aakulu pafupifupi katatu kuposa dziko lonse la Malawi pamodzi ndi nyanja yake. Ku Indonesia kokha anali mahekitala 8.5 miliyoni. Kwa banja lolima ndi khasu, kuswa mphanje m'tchire lotere ndi ntchito yolemetsa kwambiri, mwakuti ambiri ankaona kuti n'kwapafupi kukadula nkhalango ina. Motero udzu unkathamangitsa anthu, ndipo anthu pothawa ankautseguliranso malo atsopano.

Mmene anafikira ku America

Ku United States kunalibe namsongole wa mtundu umenewu mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Cha m'ma 1912 anafika ku Grand Bay, m'chigawo cha Alabama, ngati udzu wotetezera katundu m'mabokosi a mbande za malalanje zochokera ku Japan. M'chaka cha 1921 anabweretsedwanso mwadala kuchokera ku Philippines, n'kubzalidwa pa malo a kafukufuku m'chigawo cha Mississippi poyesa ngati angakhale chakudya cha ng'ombe. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 anabzalidwa ku Florida pa zifukwa ziwiri zooneka zabwino: kudyetsa ziweto ndi kuteteza nthaka kuti isakokoloke.

Walira mvula walira matope. Ng'ombe zinamukana, koma iye anakana kuchoka. Analowa m'nkhalango za paini, m'mabusa ndi m'mphepete mwa misewu, mpaka anatenga maekala oposa 1 miliyoni kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo. Boma linamuika pa mndandanda wa udzu woletsedwa, ndipo m'zigawo zina analetsanso kugulitsa mtundu wake wa masamba ofiira umene anthu ankabzala ngati maluwa, chifukwa umatha kubwerera ku mtundu wobiriwira wolusa uja. Chimene chinamuyendetsa kwambiri kumeneko ndi makina: magiredala osalaza misewu, makina otchetcha udzu, ndi malole onyamula dothi lokhala ndi zidutswa za mizu. Dziko lokhala ndi mathirakitala ndi mankhwala ochuluka chotere likulimbanabe naye patapita zaka zoposa 100, ndipo uphungu umene alangizi ake amabwereza kawirikawiri ndi wosafuna ndalama zambiri: kutsuka makina asanachoke pamalo pamene pali udzuwu.

Zimene alimi a ku Benin anatulukira

Nkhani yolimbikitsa inachokera kwa alimi ang'onoang'ono a kumadzulo kwa Africa. M'chaka cha 1987, m'chigawo cha Mono kum'mwera kwa Benin, akafukufuku a boma pamodzi ndi bungwe la IITA, limene likulu lake lili ku Ibadan m'dziko la Nigeria, anayamba kuyesa kalongonda m'minda ya alimi. Cholinga chawo chinali kubwezeretsa chonde m'nthaka yoguga. Koma alimiwo anaona chinthu china chimene kwa iwo chinali chachikulu koposa. Paliponse pamene kalongonda anayanga n'kuphimba nthaka, namsongole anafooka, ndipo minda imene anali ataisiya inayamba kulimikanso. Mbiri inayenda kuchoka kwa mlimi kupita kwa mnzake, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1990, bungwe la Sasakawa Global 2000 litalowapo, alimi zikwizikwi anali akubzala mbewuyi. Kafukufuku wa pambuyo pake, kuphatikizapo wa David Chikoye, katswiri wa ku Zambia amene anagwira ntchito ku IITA, anatsimikiza kuti mbewu zophimba nthaka zimachepetsa masamba ndi mizu yomwe ya namsongole, ndipo zimagwira bwino ntchito zikaphatikizidwa ndi njira zina.

Njirayi ili ndi zovuta zake. Kalongonda amatenga malo amene banja likanabzalapo chakudya, ndipo nyemba zake zili ndi poizoni, kotero kuti sizidyedwa mpaka zitawiritsidwa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, monga amachitira anthu a m'maboma ena a kum'mwera kwa Malawi amene anazolowera kudya mbewuyi. Kum'mwera kwa Benin mvula imagwa nyengo ziwiri pa chaka, choncho mlimi ankatha kupereka nyengo yaifupi kwa kalongonda. M'madera a nyengo imodzi ya mvula, mlimi ayenera kusankha: kupereka chigawo choipitsitsa cha munda kwa kalongonda yekha kwa chaka chathunthu, kapena kumubzala pakati pa chimanga patapita sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi chimangacho chitamera, kuti asachikwere n'kuchigwetsa. Mbewu yofunika ndi ya kalongonda wolima, osati chitedze cha m'tchire choyabwa chija, ngakhale ziwirizi ndi zapachibale.

Ku Asia nako yankho linali mthunzi womwewo. Eni minda ya mitengo ya labala ku Malaysia ndi ku Indonesia anaphunzira kalekale kubzala nyemba zoyanga pakati pa mitengo yaing'ono mpaka nthambi zake zitakumana. Ku Philippines, ofuna kubwezeretsa nkhalango amagoneka udzuwu pansi poupondereza ndi thabwa lomangidwa chingwe mbali zonse ziwiri, m'malo moutchetcha. Udzu wogona umaphimba mphukira zake zomwe, suyaka mwaukali ngati woimirira, ndipo timitengo timene tinabisika m'kati mwake timapeza dzuwa n'kukula.

Zoyenera kuchita m'munda

M'mera m'poyamba. Chigamba cha namsongole chongoyamba kumene, chachikulu ngati mphasa, munthu mmodzi angachikumbe tsiku limodzi n'kutolamo muzu uliwonse. Chikasiyidwa zaka zitatu chimafuna banja lonse. Alangizi ndi makomiti a chitukuko a m'midzi angathandize kwambiri pophunzitsa anthu, ngakhale ana a sukulu, kuuzindikira udzuwu ndi mtsempha wake wopendekera uja.

Nthawi yokumba ndi yofunika kuposa mphamvu ya mkono. Kukumba kopindulitsa ndi kozama, kochitika atangokolola, mu Meyi kapena Juni, dothi lisanaume gwa. Mizu iyenera kutembenuzidwira pamwamba kuti dzuwa la chilimwe liiumitse, ndipo yotoledwa iunjikidwe pamalo ouma mpaka itaferatu. Isaponyedwe m'ngalande kapena m'dzenje la manyowa idakali yaiwisi. Mvula yoyamba ikagwa, mphukira zotsala zizulidwe zisanabwezere chakudya m'nkhokwe.

Nthaka yokumbidwayo isasiyidwe yoyera. Kalongonda ndiye wamphamvu koposa, koma nandolo wobzalidwa mothithikana, maungu ndi mbatata yoyanga zimathandizanso pamene udzu wachepa kale. Pa malo oti agonere zaka ziwiri kapena zitatu, mitengo yobwezeretsa chonde monga jerejere, mthuthu ndi gliricidia, imene ICRAF inaiyesa kwa zaka zambiri ku Makoka m'boma la Zomba ndi ku Msekera pafupi ndi Chipata, imapereka zinthu ziwiri pamodzi: manyowa a masamba ndi mthunzi. Pamene namsongole anakhazikika kalekale, chaka chimodzi sichikwanira. Pamafunika nyengo ziwiri kapena zitatu zotsatizana.

Mankhwala a glyphosate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Roundup, amalowa m'masamba n'kutsikira ku mizu. Amagwira ntchito akapoperedwa pa masamba obiriwira amene akukula, monga ophuka patapita sabata zingapo chitchetchereni, osati pa udzu wouma kapena wafumbi. Kupopera kamodzi sikutha vuto, ndipo munda wopoperedwa ukasiyidwa woyera udzu umabwereranso. Wopopera atsate malangizo olembedwa pa botolo, avale zodzitetezera, ndipo asamale kwambiri pafupi ndi zitsime ndi mitsinje, popeza namsongole amakonda malo omwewo amene anthu amatungako madzi.

Pulawo ya ng'ombe kapena thirakitala yobwereka imene yachokera m'munda wa namsongole ichotsedwe dothi ndi mizu isanalowe m'munda wina. Chimodzimodzinso dothi la kudambo lothira m'machubu a nazale: lisefedwe, kuti mbande zogawidwa m'midzi zisapite ndi mlendo wosaitanidwa monga zinachitikira ndi mbande za malalanje za ku Alabama. Omweta udzu wofolera amwete ngala zisanakhwime.

Zonsezi zimagwa m'madzi ngati moto wadutsa. Kalongonda wouma ndi masamba a jerejere zimayaka msanga, ndipo mbuzi ndi ng'ombe zotayiriridwa m'chilimwe zimadya chophimba chonse. Mlimi mmodzi sangathe kuletsa zimenezi payekha. Kum'mawa kwa Zambia, m'zaka za m'ma 1990, mafumu anakhazikitsa malamulo oletsa kutentha tchire mwachisawawa ndi kulekerera ziweto m'minda ya mitengo yobwezeretsa chonde, ataona kuti moto ndi ziweto zikugwetsa mphwayi alimi. Mudzi wofuna kugonjetsa namsongole uyenera kugwirizana zofananazo: kulambula njira zotchinga moto udzu usanaumitsitse, ndi kumvana za kumene ziweto zizidya.

Funso kwa ogawa mbewu

Mabungwe ndi alangizi amene amagawa udzu wa ziweto kapena woteteza nthaka ali ndi phunziro lawolawo pa nkhaniyi. Anthu amene anabzala namsongole ku Florida sanali adani a alimi. Ankafuna kuthandiza, ndipo anasankha udzu wokula msanga, wopirira chilala ndi wosafa wamba, makhalidwe omwewo amene anausandutsa mliri. Africa nayo inatumizapo udzu wake kunja ndi zotsatira zofanana. Udzu wa gamba, umene unapita kumpoto kwa Australia m'zaka za m'ma 1930 ngati chakudya cha ng'ombe, unayamba kuyatsa moto wopha mitengo ikuluikulu, ndipo m'chaka cha 2012 unalembedwa m'gulu la zomera zowononga koposa m'dzikolo.

Choncho udzu uliwonse wachilendo usanagawidwe m'midzi, pafunsidwe mafunso anayi. Kodi umabala njere zomera? Kodi mizu yake imayanga pansi? Kodi ziweto zimaudya ukakhwima? Nanga mlimi akadzafuna kuuchotsa, khasu lidzakwanira? Vetiva amene amabzalidwa pa akalozera amadutsa bwino pa mafunso awiri oyambawo, chifukwa mtundu wogawidwawo subala njere zomera ndipo mizu yake imalunjika pansi, kotero kuti amakhala pamzere pamene anabzalidwa zaka zonse. Si udzu uliwonse wobwera ndi pulojekiti umene uli ndi ulemu wotere.

Namsongole sadzatha m'madambo a chigawo chino, ndipo palibe chifukwa chofunira kuti atheretu, pakuti kumeneko ndi kwawo. Chimene mudzi ungateteze ndi munda, dimba ndi busa. Banja limene chaka chino likumba chigamba chija mu Juni, n'kusunga machesi m'thumba mu Seputembala, n'kubzala kalongonda mvula ikayamba, lidzakhala likulimabe munda womwewo pamene anansi otentha chaka ndi chaka akupita kwa amfumu kukapempha malo ena.